Tizilombo tabwereranso pa bonsai yanu? Musathamangire mankhwala amphamvu

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino ali ndi nkhawa. Ali ndi kamtengo ka bonsai (mtengo wolera mumphika nkumaudulira kuti ukhalebe waung'ono) ka mtundu wa Ficus kamene kamakhala patebulo m'chipinda chochezera. Akuti masamba ayamba kumata, m'mphanda mwa nthambi muli tinthu toyera ngati thonje, ndipo akamathirira m'dothi mumatuluka tintchentche takuda. Anapopera mankhwala kamodzi zinthu nkukhala ngati zatha, koma patangotha masabata awiri zonse zabwerera. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndigule mankhwala amphamvu kuposa amenewa?"

Ayi mayi, musagule kaye. Kamtengo kanuko kali ndi adani awiri osiyana, ndipo aliyense ali ndi njira yake yomugonjetsera.

Tinthu toyerato ndi kodikodi. Ndi tizilombo toyamwa madzi a mtengo, ndipo thonje mukuliwonalo ndi phula lomwe timadziphimba nalo. Mankhwala ambiri akagwera pa phulalo amangotsetsereka osafika pathupi. Choipa kwambiri nchakuti kodikodi wamkazi amaikira mazira mazanamazana m'kati mwa thonje lomwelo. Mutapopera munapha akuluakulu ena, mazira anatsala, ndipo patapita sabata imodzi kapena awiri anaswa. Ndiye kubwerera kumene mukudabwa nakoku. Kumata kwa masamba ndi timadzi totsekemera tomwe tizilomboti timatulutsa. Mukatisiya timaitana nyerere, kenako pamasamba pamamera chuku chakuda ngati mwaye.

Ubwino wa bonsai ndi wakuti ndi kamtengo kakang'ono, mukhoza kukayendera tsamba ndi tsamba. Choyamba kachotseni pafupi ndi maluwa ena onse. Tengani kathonje kotokosera m'makutu, kanyikeni mu sipiriti wa 70 peresenti, ndipo khudzani kodikodi aliyense amene mukumuona. Sipiriti amasungunula phula lija nthawi yomweyo. Musafulumire apa. Yang'anani kunsi kwa masamba, m'ming'alu ya khungwa, pansi pa waya ngati nthambi zinakulungidwa, m'mphepete ndi kunsi kwa mphika. Pansi pa waya ndi pamene anthu ambiri amaiwala.

Mukatero phimbani dothi ndi pulasitiki, mukapendeketse kamtengoko, mukatsuke ndi madzi ofunda pang'ono. Kenako sakanizani mamililita 10 a sopo wamadzi wosanunkhira mu lita imodzi ya madzi, muyese pa nthambi imodzi ndi kudikira masiku awiri. Ngati masamba sanapse, poperani mtengo wonse, makamaka kunsi kwa masamba, dzuwa lisakuwomba. Sopo amapha chokhacho chimene wachikhudza akadali wonyowa, nchifukwa chake muyenera kubwereza pakatha masiku 5 mpaka 7, katatu kapena kanayi, ngakhale mukuona ngati zonse zayera. Mafuta a nimu amathandizanso akagwiritsidwa ntchito chimodzimodzi. Ineyo ndimati ntchito yagona pa kubwerezako, osati pa ukali wa mankhwala.

Tintchentche takudato sitindidetsa nkhawa kwambiri, koma tikukuuzani kanthu: dothi lanu silikuuma. Mphutsi zake zimakhala pamwamba m'dothi lonyowa, kudya zowola ndi timizu tanthete. Lekani kuthirira potsata kalendala. Pisani chala m'dothi, ndipo thirirani pokhapokha pamwamba payamba kuuma. Musaumitse mphika wonse, chifukwa bonsai ili ndi dothi lochepa ndipo sichedwa kufa ndi ludzu. Khuthulani madzi otsalira m'mbale ya pansi, ndipo ikani timapepala tachikasu tomata kuti tigwire touluka. Pakatha masabata atatu kapena anayi mudzaona kusintha.

Pali mdani wina yemwe simunamutchule, koma ndimutchule ndine chifukwa anandiphera kamtengo ka bonsai ka mtundu wa Carmona kamene ndinkakakonda kwambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndi tiakangaude tochepetsetsa, tosakwana milimita imodzi, tokonda mpweya wouma ndi wofunda wa m'nyumba. Masamba amachita timadontho tachikasu, kenako pamaoneka ulusi wopyapyala. Ine ndinkapopera mankhwala ophera tizilombo wamba, osadziwa kuti ambiri mwa iwo sapha akangaudewa. Kuti mudziwe ngati akangaudewa alipo, ikani pepala loyera pansi pa nthambi nkuigwedeza. Mukaona timadontho tikuyenda, ndi omwewo. Kutsuka masamba ndi madzi kawirikawiri komanso sopo yemwe uja zimawachepetsa bwino.

Tsono tikambe za tebulo lija. Ficus ndi mtengo wa kumadera otentha, wozolowera kuwala kochuluka. Pakati pa chipinda maso athu amaona ngati mukuwala, koma kwa mtengo ndi mdima. Ukasowa kuwala umamwa madzi pang'ono, dothi limakhalitsa lonyowa, mphukira zimatuluka zofewa, ndipo m'nyumba mulibe mvula kapena tizilombo tina todya anzawo toti nkuuteteza. Ndikukhulupirira kuti mavuto anu onse awiri anayambira pamenepa. Kasunthireni pawindo lowala kuposa onse m'nyumbamo, ndipo muzikatembenuza sabata iliyonse. Feteleza muyambe mwamusiya mpaka tizilombo titatha, chifukwa mphukira zanthete ndizo kodikodi amazikonda.

Ficus akasinthidwa malo, nthawi zambiri amayoyola masamba ena. Musachite mantha nkumubwezera patebulo, amaphukanso. Koma ngati patatha mwezi akuonekabe wofooka pomwe pamasamba palibe kanthu, mutulutseni mumphika mosamala muone mizu. Pali kodikodi wina wokhala m'dothi, amene amaoneka ngati ufa woyera pamizu ndi m'kati mwa mphika. Mukamupeza, tsukani mizu, tayani dothi lonse lakale, tsukani mphika ndi madzi otentha a sopo, mubzalenso m'dothi latsopano losasunga madzi. Zikafika pamenepo mundilemberenso, tithandizane mmene mungadulire mizu osaupweteka mtengowo.