Kachunidwe ka nsambo pa Chapman Stick: yankho kwa woyimba bezi wa ku Ndirande

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina amene amayimba gitala ya bezi pa tchalitchi china ku Ndirande. Iyeyu wakhala akuonera pa YouTube anthu oyimba mogogoda nsambo ndi manja onse awiri, ndipo akulu ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg apeza Chapman Stick (chida chonga khosi lalitali la gitala choyimbidwa mogogoda chomwecho) ya nsambo 10, yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe akufuna kumugulira. Funso lake ndi lakuti, popeza zala zake zinazolowera bezi, kodi achune chidacho ngati bezi, kapena atsatire kachunidwe kachilendo kamene chimabwera nako.

Achimwene, yankho langa ndi lakuti musafulumire kuchisandutsa bezi. Koma kuti zifukwa zanga zimveke, tiyambe taona momwe nsambozo zinayalidwira.

Emmett Chapman wa ku California anatulukira kayimbidwe kake mu 1969 akadali pa gitala, pamene anaimika khosi la gitala ndi kubweretsa dzanja lamanja pa mafureti (tizitsulo topingasa pa khosilo) kuti zala za manja onse zizigogoda nsambo kuchokera mbali ziwiri zoyang'anizana. Mu 1974 anayamba kugulitsa Stick. Nsambo zake 10 zinagawidwa pawiri, zisanu za melodi ndi zisanu za bezi, ndipo chimene chimadabwitsa aliyense wochokera ku gitala n'chakuti nsambo zonenepa zili pakati, pamene zowonda zili m'mphepete monse muwiri. Kwa ife kuno zimenezi siziyenera kukhala zachilendo kwenikweni, chifukwa pa kalimba timano titalitali ta mawu apansi timakhala pakati, ndipo mawu amanka nakwera chala chilichonse chikamapita kunja.

Pa kachunidwe koyambirira, kotchedwa Classic, nsambo za melodi kuchokera m'mphepete kulowa pakati ndi D, A, E, B, F#, ndipo iliyonse imatsika ndi fourth, kutanthauza mtunda wa mafureti asanu. Nsambo za bezi kuchokera pakati kutuluka kunja ndi C, G, D, A, E, ndipo iliyonse imakwera ndi fifth, mtunda wa mafureti asanu ndi awiri. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse. Mukatsika fourth kuchokera pa D mumafika pa A, ndipo mukakwera fifth kuchokera pa D yemweyo mumafikanso pa A, kungoti wa pamwamba. Choncho kaikidwe ka zala kamene kakupatsani kodi (chord, manotsi angapo olira pamodzi) ya G mbali ya melodi kadzakupatsaninso kodi ya G mbali ya bezi, ngakhale kuti manotsi ake adzakhala atatembenuka ndi kutalikirana. Pali kachunidwe kena kotchedwa Matched Reciprocal, komwe nsambo za melodi zimatsitsidwa ndi mafureti awiri n'kukhala C, G, D, A, E, mayina omwewo a mbali ya bezi, moti fureti imodzi imakhala ndi manotsi ofanana mbali zonse. Kwa munthu wongoyamba kumene, zimenezi zimachepetsa kwambiri ntchito yoloweza.

Tsopano tibwere ku dzanja lanu lamanzere, lomwe ndi mwini nkhani. Ma fifths amalipatsa zinthu ziwiri zimene bezi yanu singathe kulipatsa. Choyamba ndi kutambalala kwa mawu: nsambo zisanu za ma fifths zimatalikirana mafureti 28 kuchokera pa yoyamba kufika pa yomaliza, pamene zisanu za ma fourths zimangokwana 20. Chachiwiri, chimene ine ndimachikonda koposa, ndi kamvekedwe ka makodi. Mukagogoda noti ya tsinde pa nsambo yonenepa, ina pa fureti yomweyo ya nsambo yotsatira, ndi yachitatu mafureti awiri kutsogolo pa nsambo inayo, mwapanga kodi yathunthu ya major ndi zala zitatu zokha, ndipo manotsi ake ndi otalikirana ngati mmene woyimba kiyibodi waluso amatambasulira dzanja lamanzere. Mukayesa kodi yomweyo pansi pa bezi ya ma fourths, mawu amaunjikana n'kumangomveka ngati kulindima kwa mvula yakutali, makamaka m'tchalitchi cha malata momwe mawu apansi amabwerera kale.

Sindikubisirani zovuta zake. Pa ma fifths sikelo (mndandanda wa do, re, mi) imafuna manotsi anayi pa nsambo iliyonse m'malo mwa atatu, ndipo pa khosi lalitali mainchesi 34 kapena 36 dzanja limayenera kumasuntha pafupipafupi. Mizere yothamanga ya bezi imene mumayimba pa makolasi idzakuvutani miyezi yoyambirira, ndiponso mudzadabwa kuona kuti mawu akukwera kulowera mbali imene zala zanu zinazolowera kuti amatsika.

N'chifukwa chake anthu ena anasankha njira zina, ndipo sanalakwe. Pa kachunidwe kotchedwa mirrored fourths nsambo zonenepa zimakhalabe pakati, koma mbali zonse ziwiri ndi ma fourths, moti manja amayenda ngati akuonana pa galasi. Mobius Megatar ya nsambo 12, chida china choyimbidwa mogogoda, imadziwika ndi kuchuna mbali ya bezi ngati bezi ya nsambo zisanu ndi imodzi, B, E, A, D, G, C. NS/Stick, imene Chapman anapanga mogwirizana ndi wopanga magitala Ned Steinberger, ili ndi nsambo 8 zoyenda mu ma fourths kuyambira pa B wapansi popanda kugawidwa pakati, ndipo ikanakhala kuti ndi imeneyo akulu anu apeza, ndikanakuuzani kuti mwafika kale kwanu. Palinso nkhani ya kupingasa manja. Pa Stick wamba dzanja lamanzere limadumpha nsambo za melodi kuti lifike pa bezi, ndipo lamanja limadumpha za bezi. Ena amasinthanitsa magulu awiriwo kuti dzanja lililonse liziyimba mbali yake, zimene zimalola manja kuyenda khosi lonse osagundana. Kusintha kachunidwe si mlandu. Malemu Daniel Kachamba a ku Chileka ankachuna gitala yawo m'njira zosiyanasiyana, ndipo nthawi zambiri ankayimba atachotsa nsambo imodzi.

Komabe chida chanu chili ndi nsambo zisanu zokha mbali ya bezi, ndipo mukazichuna mu ma fourths mudzakhala ndi bezi ina ya nsambo zisanu, imene muli nayo kale kunyumba, mutataya makodi otambalala aja omwe ndi amene amachititsa kuti munthu mmodzi amveke ngati awiri. Palinso vuto la kwathu kuno. Kunenepa kwa nsambo iliyonse kumayenderana ndi noti yake, choncho kusintha kachunidwe kumafuna nsambo zina, kukonzanso buliji (potsamira nsambo kumunsi kwa chidacho), ndi kuwongolanso khosi ndi chitsulo chake chamkati kuti nsambo zikhalebe pafupi kwambiri ndi mafureti, popeza kugogoda kumavuta nsambo zikatalikirana nawo. M'masitolo a zoyimbira a ku Limbe ndi m'tauni ine ndimapezamo nsambo za gitala ndi za bezi basi. Uzani akulu anu afunse wogulitsayo kachunidwe kamene kalipo panopa, ndipo aitanitsiretu mapaketi awiri a nsambo za kachunidwe komweko. Ngati ndi Classic kapena Matched Reciprocal, khalani nako miyezi isanu ndi umodzi musanaganize zosintha.

Podikira katunduyo, dzanja lamanja likhoza kuyamba sukulu lero. Bwerekani gitala yamagetsi, ndipo muichune mu ma fourths okhaokha ngati mmene amachitira woyimba gitala wa ku America Stanley Jordan, E, A, D, G, C, F. Ngati mukuopa kudula nsambo zowonda pozikunga, zisiyeni ziwirizo mmene zilili ndipo mutsitse zinayi zonenepa ndi fureti imodzi, zotsatira zake n'zofanana. Kulungani kansalu kofewa pansi pa nsambo pafupi ndi fureti yoyamba kuti zisalire zokha mukachotsa chala, kwezani ampu pang'ono, ndipo muyambe ndi nyimbo ya m'buku imene mumaidziwa pamtima, zala zitatu za kumanja zikugogoda melodi pamwamba pa fureti ya 12 pamene lamanzere likugwira noti imodzi pa kodi iliyonse.