Sitima Ikaima Padoko: Kulipira Ulendo wa Kampani Kapena Kuyenda Panokha

Abale amene mwabwera kumene muno mu Lusaka kuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mchinji, mukangokhazikika pantchito sipapita nthawi yaitali musanamve za ulendo wa pa sitima yapamadzi. Anzanu a ku ofesi, a kutchalitchi kapena a m'chilimba amayamba kusonkha ndalama chaka chikadali pakati, kuti pofika December kapena nyengo ya Isitala akakwere sitima ku Durban. Kampani ya MSC Cruises imabweretsa sitima zake kum'mwera kwa Africa m'nyengo ya dzinja, cha m'ma November mpaka April, ndipo zimanyamuka ku Durban kapena ku Cape Town kupita ku Portuguese Island, ku Pomene ndi ku Maputo m'dziko la Mozambique, ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, ndiponso pamaulendo ataliatali ku Mauritius ndi ku Réunion. Kwa ife obadwira m'maiko opanda nyanja yamchere ulendowu ndi wosangalatsa kwambiri, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mpata ukapezeka mupite. Koma pali nkhani imodzi imene magulu athu amakambirana mochedwa, sitima itaima kale padoko: kodi titsike ndi ulendo wokonzedwa ndi kampani ya sitima, kapena tiziyendera tokha?

Tikiti imene mwagula imalipirira chipinda, chakudya ndi ulendo wa panyanja. Zokaona pamtunda zimakhala zapadera. M'sitima muli ofesi yogulitsa maulendo a pamtunda, ndipo mtengo wake amawerengera munthu aliyense payekha, kawirikawiri m'madola a ku America, n'kuuika pa khadi ya chipinda chanu. Munthu wolandira malipiro m'makwacha akawerengera banja la anthu anayi, mtima umagunda. Kunja kwa chipata cha doko nako kumakhala madalaivala a takisi atanyamula zithunzi zokutira m'pulasitiki, zosonyeza malo omwewo, pamtengo wa galimoto yonse umene mungathe kunenerera. Munthu wozolowera kunenerera mitengo ku Kamwala amaona msanga kuti apa pali ndalama zoti zipulumuke, ndipo sanalakwe. Chimene sachiona msanga ndi chinthu chimene chabisika mumtengo wa kampaniwo.

Chinthucho ndi nthawi. Basi ya ulendo wa kampani ikachedwa kubwerera chifukwa cha ngozi pamsewu kapena kuthithikana kwa magalimoto, wotsogolera ulendo amaimbira foni kusitima, ndipo sitima imadikira, kapena kampani imasenza udindo wokufikitsani kudoko lotsatira. Inu mukachedwa muli panokha, sitima imanyamuka. Anthu ena amaganiza kuti ndi nkhanza, koma zifukwa zake n'zomveka: malo amene sitima yaima amalipiridwa pa nthawi yoikika, katswiri wa padoko wotsogolera sitima potuluka amakhala atapanganidwa ola lake, ndipo anthu zikwi ziwiri kapena kuposerapo akuyenera kukafika kudoko lina m'mawa mwake. Potsika mudzaona chikwangwani pakhomo la sitima cholembedwa ola limene aliyense ayenera kukhala atakwera, ndipo nthawi zambiri limakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Mlonda amaika khadi yanu pamakina, makinawo amalira, nkhope yanu n'kuoneka pakompyuta yake, choncho amadziwa bwino lomwe amene ali kunja. Olalo likayandikira mumamva maina akuitanidwa pachimkuzamawu, kawiri kapena katatu, kenako amachotsa mlatho wokwererapo n'kumasula zingwe. Munthu amene waona mnzake akuthamanga padoko ndi majumbo a zogula, sitima itapatuka kale, safunanso kuuzidwa kawiri.

Kwa inu okhala m'dziko la eni, kutsala padoko n'kolemera kuposa mmene kulili kwa anzanu. Mnzanu wa ku South Africa akatsala ku Maputo amakwera basi n'kukafika kwawo. Inu katundu wanu ali m'chipinda cha sitima, tikiti yanu ya ndege yobwerera ku Lusaka ikuyambira ku Durban kapena ku Johannesburg pa tsiku loikika, ndipo abwana amene dzina lawo lili pa chilolezo chanu chogwirira ntchito akukuyembekezerani Lolemba. Pamaulendo ena sitima imasunga mapasipoti a anthu onse kuti a zolowa ndi kutuluka m'dziko awadinde pamodzi, ndipo wotsala amakapeza pasipoti yake kwa woimira sitima padokopo. N'chifukwa chake dzina ndi nambala ya foni ya woimira sitimayo zimalembedwa pa pepala la ndondomeko ya tsiku limene amakuikirani kuchipinda usiku uliwonse. Musatsike musanalijambule pafoni ndi kuliika m'thumba. Kumbukiraninso kuti maofesi a akazembe amakhala m'malikulu a maiko. Wotsala ku Walvis Bay ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Windhoek, likulu la Namibia.

Musaganize kuti zimene zikugwira ntchito pa pasipoti ya anzanu a ku Zambia zikugwiranso ntchito pa yanu. M'maiko a SADC monga Mozambique, Namibia ndi Mauritius, Amalawi ndi a ku Zambia amalowa ngati alendo popanda viza, koma masiku ololedwa amasiyana. Ku South Africa pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30. Réunion ndi gawo la dziko la France, amagwiritsa ntchito ndalama ya euro, ndipo malamulo ake olowera ndi a boma la France. Ngati ulendo wanu ukudzera kumeneko, funsani kampani ya sitima za pasipoti yanu yeniyeniyo, ndipo yankho likhale lolembedwa musanalipire.

Tsono maganizo anga ndi akuti funsoli musaliyankhe kamodzi paulendo wonse. Liyankheni doko ndi doko, poyang'ana kutalika kwa malo amene mukufuna kukaona, kuchuluka kwa njira zobwererera, ndi mmene mumatsikira m'sitimamo.

Ku Portuguese Island ndi ku Pomene kulibe doko loti sitima yaikulu n'kugunda kumtunda. Imaima pakati pamadzi, anthu n'kumatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono, monga mmene sitima ya Ilala inkatsitsira anthu ku Likoma kapena ku Nkhotakota. Amene munakwerapo Ilala mukudziwa mzere wake ndi mmene mafunde amasokonezera zinthu. Pamadoko oterewa amene agula ulendo wa kampani amayamba kutsitsidwa, enawo amatenga nambala n'kudikira, ndipo boti lomaliza kubwerera limanyamuka nthawi ya sitima ikadali kutali. Nyanja ikavuta kaputeni amaletsa kutsika tsiku lonse, ndipo apa kusiyana kumaonekera poyera: ndalama za ulendo wa kampani zimabwezedwa pa khadi yanu, pamene zimene munatumiziratu kwa munthu wa pamtunda mungavutike kuzipezanso. Komabe pa Portuguese Island, chilumba chopanda midzi chimene chili pafupi ndi Inhaca, simufunika kugula chilichonse ngati cholinga chanu ndi kusamba m'nyanja ndi kukhala pamchenga, chifukwa boti lokafika kugombe lili kale mutikiti yanu. Chimene sindingakulangizeni ndi kukwera boti la munthu amene mwangokumana naye pagombe kuti akuwolotseni kupita ku Inhaca. Injini ikazima, kapena madzi akaphwa boti n'kutitimira pamchenga, palibe njira ina yobwererera. Ngati mukufuna kukaona Inhaca kapena kukasambira poona nsomba, lipirani kampani.

Maputo ndi nkhani ina. Doko lili m'munsi mwa mzinda wakale, ndipo zambiri zimene alendo amapitira zili pamtunda woyenda pansi: siteshoni ya sitima yapamtunda ya CFM yokhala ndi denga lozungulira, msika wa Mercado Central kumene amagulitsa mtedza wa kashu ndi tsabola, linga lakale la Apwitikizi, nyumba yachitsulo yotchedwa Casa de Ferro, ndi bwalo la Praça da Independência pamene pali chipilala cha Samora Machel. Kulipira madola ambiri kuti basi ikuzungulitseni m'misewu imene mukanaiyenda ndi miyendo n'kuwononga ndalama, pokhapokha ngati muli ndi okalamba kapena ana aang'ono, poti kutentha kwa ku Maputo mu December si kwamasewera. Yendani atatu kapena anayi, nyamulani chiphaso chanu chifukwa apolisi a kumeneko amaloledwa kuchifunsa, ndipo dziwani kuti chilankhulo cha m'misewu ndi Chipwitikizi ndi Chishangana. Chinyanja chimalankhulidwa ku Tete ndi ku Niassa, koma ku Maputo musachidalire. Lembani dzina la doko papepala kuti mungomuonetsa dalaivala.

Ku Walvis Bay ndi kumene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa doko limodzi lili ndi maulendo a mitundu yonse iwiri. Thamanda limene kumakhala mbalame za flamingo lili pafupi ndi tauni, ndipo takisi imakufikitsani m'mphindi zochepa. Swakopmund ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 35 pamsewu wa tala wodutsa pakati pa nyanja ndi mapiri a mchenga, ndipo phiri la mchenga lotchedwa Dune 7 lili kunja kwa tauni pang'ono. Malo amenewa gulu la anthu anayi lingathe kuwaona ndi takisi imodzi popanda vuto, makamaka poti ndalama ya rand imalandiridwa ku Namibia pamtengo wofanana ndi dola ya dzikolo. Koma Sandwich Harbour, malo amene mapiri a mchenga amatsikira m'nyanja ndipo zithunzi zake n'zimene zimakopa anthu, ali mkati mwa malo otetezedwa a Namib-Naukluft. Kumafika magalimoto amphamvu oyenda mumchenga okha, kumafunika chilolezo, ndipo mbali ina ya njira imadutsa m'gombe lopapatiza limene limatsekeka madzi akadzaza. Galimoto ikatitimira kumeneko simungaimitse ina yodutsa. Ulendo umenewu ine ndingaugule kwa kampani ya sitima ngakhale mtengo wake ukhale wowawa, kapena ndingausiye.

Ku Mauritius vuto lalikulu ndi wotchi. Zambia, Malawi, South Africa, Mozambique ndi Namibia ali pa nthawi imodzi, koma Mauritius ndi Réunion ali patsogolo ndi maola awiri. Sitima imasintha nthawi yake pang'onopang'ono ili panyanja, ndipo foni imene yakhala masiku angapo yopanda netiweki ingathe kumakuonetsani nthawi ya ku Lusaka. Munthu amaona 3 koloko pafoni, n'kumati nthawi ikadalipo, pamene padoko ili 5 koloko. Valani wotchi yapamkono ndipo muitchere mogwirizana ndi ya m'sitima m'mawa musanatsike. Mumzinda wa Port Louis mungathe kuyenda nokha ku Caudan Waterfront, kumsika waukulu, ndi ku Aapravasi Ghat, malo amene ankafikira anthu otengedwa ku India kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ukapolo utathetsedwa, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2006. Munda wa zomera wa Pamplemousses nawo suli kutali. Chamarel ndi Grand Bassin ali kum'mwera kwa chilumba, ndipo misewu ya ku Port Louis imathithikana madzulo, nthawi yomweyo imene inu mukubwerera.

Mukasankha takisi, gwirizanani zonse musanakwere: mtengo wa galimoto yonse kupita ndi kubwerera, ndalama imene mulipire, malo amene muime, ndi ola lofikira pachipata cha doko. Lipirani gawo lalikulu pobwerera. Yambani ndi malo akutali kwambiri m'mawa, n'kumabwera chakufupi dzuwa likamapendeka, kuti tayala likaphulika mukhale muli pafupi ndi doko. Ine ndimakonza zofika pachipata kutatsala maola awiri, chifukwa madoko ena ndi aakulu, salola anthu kuyenda pansi mkati mwake, ndipo mumayenera kudikira basi yokufikitsani pasitima. M'gulu la anthu ambiri sankhani munthu mmodzi wosunga nthawi, amene mawu ake onse awamvere, popeza mwaulemu wathu timachita manyazi kufulumizitsa achikulire amene akunenererabe mtengo wa nsalu, ndipo gulu lonse limachedwa chifukwa palibe amene anafuna kulankhula.

Za ndalama zikonzedwe muno mu Lusaka. Kwacha ya Zambia ndi ya Malawi simungaisinthe ku Maputo, ku Walvis Bay kapena ku Port Louis, ndipo ndalama za pafoni zimene timadalira tsiku ndi tsiku sizikulipirirani takisi kumeneko. Gulani marandi ndi madola ang'onoang'ono m'malo osinthira ndalama ovomerezeka, ndipo dziwitsani banki yanu kuti khadi idzagwiritsidwa ntchito kunja. Gulaninso inshuwalansi ya ulendo, muwerenge ngati ikulipira chithandizo cha kuchipatala pamtunda ndiponso ulendo wotsatira sitima mukatsala, pakuti si zonse zimene zimatero. Khadi ya chilolezo chanu chokhalira ndi kugwira ntchito m'Zambia idzafunika pobwerera pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, choncho isungeni m'bokosi lokiya la m'chipinda chanu, ndipo potsika padoko nyamulani chithunzi chake pamodzi ndi cha tsamba loyamba la pasipoti, mankhwala anu a tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zokwanira kugona usiku umodzi pamtunda.