Mwana akufuna kuyendetsa Twin Otter: kodi malume agulitse munda?

Funso: Ndikulera mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 3. Chionereni pa foni anthu akudumpha m'ndege ndi maparachuti, nkhani yake ndi imodzi basi. Wawerenga kuti ndege yotchedwa Twin Otter, imene odumphawo amaikonda, anali atasiya kuipanga koma anayambiranso, ndiye akuti ntchito yoyendetsa ndege zoterezi yachuluka. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo fizi yake ndimalipira ndine. Kodi ndimulimbikitse, kapena ndimuuze kuti aiwale? Malume, Kasungu.

Yankho: Bambo, mwanayo sananame. Ndegeyo ilipodi ndipo anayambiradi kuipanga. Kungoti pa mbiri yomweyo iye watolapo zake, ine ndikutolapo zanga, choncho ndiloleni ndiyambe ndaifotokoza.

Twin Otter ndi ndege ya ku Canada, ya kampani ya de Havilland Canada. Inauluka koyamba mu 1965 ku Toronto. Ili ndi injini ziwiri zamapulopela, imanyamula anthu 19, mapiko ake ali pamwamba pa thupi ndipo matayala ake salowa m'kati ikanyamuka. Anaipangira madera opanda mabwalo abwino: imanyamuka ndi kutera pamalo afupi, pa dothi, pa udzu, ngakhale pa madzi kapena pa madzi oundana akaisinthira miyendo. Ndiyo imatengera alendo kuzilumba za Maldives, imatera ku Lukla m'mapiri a Nepal, komanso imatumikira asayansi ku Antarctica. Atapanga ndege 844, anasiya mu 1988.

Odumpha ndi maparachuti amaikonda pa zifukwa zosavuta kumva. Akachotsa mipando mumalowa anthu oposa 20. Chitseko chake cham'mbali n'chachikulu moti angapo amatuluka pamodzi. Imakwera msanga kufika pa mamita pafupifupi 4,000 pamene amadumphira, n'kutsikanso msanga kudzatenga ena. Mabwalo akuluakulu a masewerawa, monga ku Eloy ku Arizona ndi ku Dubai, amaigwiritsa ntchito, ndipo gulu lodumpha la asilikali a dziko la America, la Golden Knights, nalonso lili nazo.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Kuchokera mu 1988 mpaka 2010 ndi zaka 22. Zaka zonsezo palibe Twin Otter yatsopano imene inatuluka m'fakitale, koma zakalezo sizinasiye kuuluka. Amene anazisunga ndi amakaniko, ndi anthu opanga zipangizo zosinthira. Ndipo amene anadzayambiranso kuipanga sanali kampani yaikulu ya ndege ayi. Inali Viking Air ya kufupi ndi mzinda wa Victoria ku British Columbia, imene inayamba mu 1970 ngati malo okonzera ndege, kenako n'kumapanga zipangizo za ndege zakale za de Havilland. Mu 2006 inagula kwa kampani ya Bombardier ziphaso za umwini wa mapulani a ndege zakalezo, kuphatikizapo Twin Otter. Mu 2007 inalengeza kuti iyambiranso kupanga, ndipo mu 2010 yoyamba ya mtundu watsopano, Series 400, inaperekedwa kwa kampani ya Zimex Aviation ya ku Switzerland. Maonekedwe anangokhala omwe aja, koma m'kati anaikamo injini za PT6A-34 za Pratt & Whitney Canada ndi masikirini m'malo mwa mawotchi ambirimbiri akale. Lero ntchitoyi ili pansi pa dzina la De Havilland Canada, ndipo mu 2023 ku chionetsero cha ndege cha ku Paris analengeza mtundu winanso, Classic 300-G.

Mwanayo akuona mpando wa payiloti. Ine ndikuona kuti anthu amene anadya bwino pa ndege imeneyi kwa zaka zonsezi, fakitale itatseka komanso itatsegulanso, ndi ogwira sipanala. Sindikunena kuti asakhale payiloti. Ndikunena kuti asanasankhe aone makomo onse awiri, chifukwa pakadali pano akudziwa limodzi lokha.

Tiyambe ndi khomo limene akulifunalo. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, amene maiko athu amatsata, amati munthu amayamba ndi layisensi ya PPL, yoyendetsera ndege mosalipidwa, imene imafuna maola osachepera 40 m'mlengalenga. Kuti alembedwe ntchito ndi kulipidwa pamafunika layisensi ina, ya CPL: zaka 18 zakubadwa ndi maola 200, kapena 150 ngati wadutsa pa kosi yovomerezeka yosadukiza. Ola lililonse pamenepa ndi lolipira, ndege ndi mlangizi, ndipo ndalama zake ndi madola kapena marandi. Kwacha ikagwa kosi ili pakati, mtengo umakwera mwana ali kale kunja, ndipo maphunziro otere akaimira panjira sabweza kanthu. Pa malipiro a mphunzitsi wa pulayimale, ndinene mosabisa, simungakwanitse nokha. Musagulitse munda.

Komanso wongomaliza CPL samukhazika pa Twin Otter yonyamula odumpha. Amayambira pa tindege ta injini imodzi, Cessna 182 kapena 206, tonyamula odumpha anayi kapena asanu. Kuti afike pa ndege ya injini ziwiri pamafunika chilolezo china chapadera, ndipo makampani a inshuwalansi amaika maola awoawo amene woyendetsa ayenera kukhala nawo asanavomereze. Ntchito yakeyo ili ngati ya minibasi ya pakati pa Limbe ndi Blantyre: kudzaza, kunyamuka, kutsitsa, kubwerera, kudzazanso, tsiku lonse njira yomweyo. Kukachita mitambo kapena mphepo, palibe kuuluka, ndipo m'malo ambiri palibenso malipiro. Luso lilipo ndithu, si zachibwana. Anthu akaunjikana pachitseko kulemera konse kumathamangira kumbuyo ndege ikuuluka pang'onopang'ono, ndipo payiloti wosasamala ikhoza kum'pulumuka. Koma maola ake ndi amasana, pamwamba pa bwalo limodzi. Layisensi ya ATPL, ya akaputeni a ndege zikuluzikulu, imafuna maola 1,500, ndipo mwa amenewo 200 akhale a maulendo ataliatali, 100 a usiku, 75 oyendera zipangizo zokha osaona kunja. Zimenezo wonyamula odumpha sazipeza pantchito yake. Ndi ntchito yabwino yodutsirapo, yochulukitsira maola, koma ochepa amakalambira pamenepo.

Tionjezepo kuti masewerawa ali ku South Africa, ku Swakopmund ku Namibia, ku Ulaya, ku America. Kumeneko ali ndi ana awo a CPL amene akusakanso maola, ndipo mlendo amafunika chilolezo chogwirira ntchito. Kwathu kuno odumpha ndi maparachuti amene ambiri timawadziwa ndi asilikali a Parachute Battalion ku Salima. Ngati chimene chikumukoka mwanayo ndi kudumphako, osati kuyendetsa ndege, mufunseni bwino, chifukwa njira yake ndi ina, ya usilikali. Usilikali ndi njiranso imene ena amaphunzirira kuyendetsa kapena kukonza ndege boma likulipira, koma munthu amalowamo kukhala msilikali choyamba, ndipo amene amasankha kumene apite si iye.

Khomo lachiwiri ndi la okonza ndege. Anthu ambiri akamva "makaniko" amaganiza za ovololo yothimbirira pansi pa mtengo, ndipo makolo ena amakhumudwa ndikatchula. Koma ndege siinyamuka ikachoka kokonzedwa popanda siginecha ya injiniya wa layisensi. Iye ndiye amalemba m'buku kuti ndege ili bwino, ndipo chikalakwika amayankha ndi iye. Pa ndege zonyamula odumpha ntchito yake imachuluka kwambiri, chifukwa zipangizo zambiri siziwerengedwa ndi maola okha komanso ndi kuchuluka kwa maulendo onyamuka ndi kutera. Ndege imene imatera kambirimbiri pa tsiku imatha msanga kuposa ya maulendo ataliatali. Malayisensi ake m'maiko otsata dongosolo la ku Ulaya ali pawiri: B1 wa thupi la ndege ndi injini, B2 wa zamagetsi, mawayilesi ndi makompyuta a m'ndege. Mwaona kuti Twin Otter yatsopano inasiyana ndi yakale makamaka pa masikirini aja. Mwana wokonda zamagetsi aganizirepo pamenepo.

Njira imeneyinso si yachidule. ICAO imafuna zaka pafupifupi zinayi zogwira ntchito pansi pa ena munthu asanapatsidwe layisensi yosainira ndege yonse, ngakhale sukulu yovomerezeka imachepetsako zakazo. Pali mayeso ambiri olemba, ndipo mtundu uliwonse wa ndege uli ndi kosi yake. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zake zimafikirika kuposa za upayiloti, ndipo zaka zophunzira pantchitozo nthawi zambiri munthu amalandirako kangachepe m'malo molipira. Chinanso, luso lake silimangika pa ndege imodzi. Injini ya PT6 ili pa Twin Otter, pa Cessna Caravan, pa King Air, pa PC-12, ndege zimene zadzaza m'mabwalo ang'onoang'ono a mu Africa. Ndipo Dash 8 Q400 ya Malawi Airlines imene mumaiona ku Chileka ndi ku Lumbadzi ndi ya banja lomwelo la de Havilland Canada.

Sukulu zilipo pafupi. Ku Lusaka kuli Zambia Air Services Training Institute, imene imaphunzitsa kukonza ndege. Ku Addis Ababa kuli sukulu ya Ethiopian Airlines, kampani imene ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines, ndipo imaphunzitsa apayiloti ndi okonza omwe. Ku Soroti ku Uganda kuli East African Civil Aviation Academy. Ku South Africa ziliko zambiri, monga 43 Air School ku Port Alfred kwa ofuna upayiloti. Musanatumize khobidi kulikonse, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za ndege la dziko lakelo, ndipo mufunsenso akuluakulu oyang'anira za ndege kuno kwathu kuti layisensi yochokera kumeneko amaivomereza motani. Pa Facebook pali "ma ajenti" amene amalonjeza malo ndi sikolashipu mukangolipira ya fomu. Sukulu yeniyeni imakhala ndi nambala ya chiphaso imene mungathe kuitsimikiza nokha.

Palinso njira yozungulira imene ndimaikonda kwa mabanja a ndalama zochepa: mwana ayambe wapeza digiri kapena dipuloma ya uinjiniya wa makina, zamagetsi kapena zamaelekitironiki ku MUBAS, kapena luso lofanana nalo m'makoleji a TEVETA. Pepala limeneli palokha si layisensi yokonzera ndege, zimenezo adziwe. Koma limamuika patsogolo makampani a ndege akamalemba ophunzira ntchito, ndipo za ndege zikakanika ali ndi podyera kufakitale ya shuga, ya simenti kapena ku zamagetsi. Apayiloti ena anayamba chonchi, n'kumalipira maola awo pang'onopang'ono ndi malipiro awo.

Zoti muchite chaka chino n'zochepa. Fomu 3 ndi nthawi yabwino, sanachedwe. Masamu, Physics ndi Chingerezi akhoze ndi ma credit olimba pa MSCE, chifukwa makomo onse awiri amayamba ndi maphunziro atatu amenewa. Chingerezi chisakhale cholemba chokha. Payiloti amayesedwa kulankhula ndi kumva pa wayilesi, ndipo ayenera kufika Level 4 ya ICAO, pamene mabuku ambiri okonzera ndege ali m'Chingerezi chosalola kungoganizira. Mukapita ku Lilongwe mum'tengere kwa dokotala wa maso akamuyeze, makamaka ngati amasiyanitsa bwino mitundu, yofiira ndi yobiriwira. Vutoli limapezeka kwambiri mwa anyamata, ambiri sadzidziwa, ndipo likhoza kumulepheretsa chiphaso cha zaumoyo cha Class 1 chimene payiloti wolipidwa aliyense ayenera kukhala nacho. Kuvala magalasi pakokha si mlandu.

Kenako mupatseni ntchito yoti achite pa holide. Afufuze sukulu zitatu, alembe zofunika polowera, kutalika kwa kosi ndi mtengo wake, asinthe m'makwacha, abwere nazo kwa inu ndi mayi ake mudzaone limodzi. Sabata ziwiri za holide yomweyo akakhale pa galaja kapena kwa wokonza zamagetsi wodalirika, muone ngati manja ake akukonda zida kapena akungokonda zithunzi za ndege. Akabwerako mundilemberenso, mundiuze zimene wapeza ndi magiredi ake a teremu ino.