Layibulale ya ngongole ikhale STATIC kaye

Wowerenga wina amene akuphunzira payekha C, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, wandilembera imelo. Analemba pulogalamu yowerengera chiwongoladzanja cha ngongole za gulu lawo la banki m'khonde. Masamu onse ali mu ngongole.c, ndipo pali mafayilo ena awiri amene amadalira masamuwo: main.c wa pulogalamu yeniyeni ndi mayeso.c woyesera ngati ziwerengero zikutuluka bwino. Funso lake n'lakuti apange bwanji layibulale imodzi, ndiye kuti kodi yomangidwa payokha imene mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito, yotumikira mapulogalamu awiriwa, ndipo ikhale ya .a (yotchedwa STATIC) kapena ya .so (yotchedwa SHARED). Akuti atayesa .so n'kukopera pulogalamuyo pa laputopu ya mnzake, inakana kutseguka, ikungoti "error while loading shared libraries".

Zikomo polemba. Poyamba lekani kutaipa pamanja nthawi iliyonse malamulo a gcc, kompaila imene imasandutsa kodi yanu kukhala pulogalamu. Ntchito imeneyi ili ndi mwini wake kuyambira 1976, pamene Stuart Feldman analemba pulogalamu yotchedwa make ku Bell Labs. Make amayang'ana nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza, n'kumanganso zokhazo zimene zatsalira m'mbuyo. Ine ndingakulangizeni CMake, yopangidwa ndi a Kitware cha m'ma 2000. Dziwani kuti CMake payokha sikompaila kalikonse. Imawerenga CMakeLists.txt yanu n'kulemba Makefile, kapena mafayilo a Ninja, kapena pulojekiti ya Visual Studio, malinga ndi kompyuta imene muli. Fayilo yanu ingaoneke chonchi:

cmake_minimum_required(VERSION 3.16)
project(banki C)
add_library(ngongole STATIC ngongole.c)
target_include_directories(ngongole PUBLIC include)
target_link_libraries(ngongole PRIVATE m)
add_executable(werengera main.c)
target_link_libraries(werengera PRIVATE ngongole)
add_executable(mayeso mayeso.c)
target_link_libraries(mayeso PRIVATE ngongole)

Kenako mulembe cmake -S . -B build, ndiyeno cmake --build build. Zotuluka zonse zigwera m'foda ya build, ndipo fodayo muiike mu .gitignore kuti isamalowe mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kodi yanu.

Mawu aja PUBLIC ndi PRIVATE ndi amene amazunguza ambiri. Foda ya include, m'mene muli ngongole.h, ndaiika PUBLIC chifukwa aliyense wolumikiza layibulale yanu akufunika kuona hedala imeneyo, fayilo yolengeza mafankishoni a mu ngongole.c. Choncho werengera ndi mayeso aipeza okha, inu osawauzanso. Koma m, layibulale ya masamu imene muli pow(), ndaiika PRIVATE popeza ndi nkhani ya m'kati mwa ngongole.c, ndipo main.c alibe nayo ntchito. CMake imadziwabe kuti layibulale ya STATIC siinyamula m, ndiye imaiwonjezera yokha polumikiza pulogalamu yomaliza. Mukaiwala mzere wa m umenewu pa Linux mudzakumana ndi "undefined reference to pow". Pa Windows ndi kompaila ya Microsoft mzerewu muuchotse, kulibe layibulale yotchedwa m kumeneko.

Tsopano za mnzanu uja. Fayilo ya .a ndi mtolo chabe wa mafayilo a .o, amene ndi kodi yokompailidwa kale, ndipo polumikiza, zigawo zofunika zimakoperedwa n'kulowa m'pulogalamu. Ili ngati kamba wa paulendo, mwanyamuliratu. Ya .so imakhala panja, pulogalamu imangosunga dzina lake, ndipo nthawi yotsegula Linux amapita kukaifunafuna: m'njira yolembedwa m'pulogalamu momwemo yotchedwa RPATH, mu LD_LIBRARY_PATH, kenako m'mafoda a dongosolo ngati /usr/lib. Mnzanu analandira pulogalamu yokha, libngongole.so inatsala kwanu. Ngakhale mukanamupatsa zonse ziwiri m'foda imodzi, zikanakanikabe, chifukwa Linux sayang'ana m'foda ya pulogalamu pokhapokha mutamuuza poika $ORIGIN, kutanthauza foda imene muli pulogalamuyo, mu RPATH. Windows ndi amene amayang'ana pambali pa .exe kufunafuna .dll. Mukafuna kuona ndi maso, lembani ldd werengera pa laputopu yakeyo, mudzapeza "not found" pafupi ndi dzina la layibulale.

Kwa pulogalamu yanuyi .so sikupindulirani kanthu. Phindu lake limaoneka pamene mapulogalamu ambirimbiri akugawana layibulale imodzi, monga OpenSSL, layibulale yoteteza mauthenga pa intaneti, yomwe ikakonzedwa kamodzi onse oidalira akonzeka popanda kumangidwanso. Tsiku lina mukadzafuna kuitana masamu anuwo kuchokera mu Python kudzera mu ctypes, pamenepo mudzasintha STATIC kukhala SHARED, liwu limodzi lokha. Pa Windows mudzafunikanso kuuza kompaila mafankishoni oti aonekere kunja, kapena kuyatsa WINDOWS_EXPORT_ALL_SYMBOLS.

STATIC sikuthetsa zonse, ndinene mosabisa. Pulogalamu yanu idzadalirabe glibc, layibulale yaikulu ya C pa Linux, ya pa kompyuta ya mnzanu. Mukaimanga pa Ubuntu watsopano iye ali ndi wakale, ingathe kudandaula kuti GLIBC ya nambala yakutiyakuti palibe. Njira yosavuta n'kumangira pa kompyuta yakaleyo, kapena kumupatsa kodi yonse ndi CMakeLists.txt amange yekha.

Pa intaneti mudzaona ena akulemba file(GLOB ...) kuti CMake itole yokha mafayilo onse a .c. Musatengere. Mukawonjezera fayilo yatsopano, CMake siidziwa mpaka muiyendetsenso, ndiponso kwa inu ingatolere main.c ndi mayeso.c pamodzi, onse ali ndi main(), n'kuyamba kulimbana polumikiza. Mafayilo atatu okha, alembeni mayina pamanja.