Tafunsani: Mayeso a LSAT ndi Kufunsira Malo ku Sukulu ya Zamalamulo

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa owerenga amene akufuna kukaphunzira zamalamulo ku America, ku Canada ndi ku Britain. Tasankhapo asanu.

Akonzi, ndili ndi digiri ya zachuma ndipo ndikufuna kukaphunzira zamalamulo ku America. Andiuza kuti ndiyenera kulemba LSAT. Kodi ndiyambe kuloweza malamulo a dzikolo? Nanga mayesowa amakhala otani? — Wowerenga wa zaka 24

Musaloweze lamulo ngakhale limodzi, chifukwa m'mayesowa mulibe funso la malamulo. Chimene amayesa ndi kawerengedwe kanu ndi kaganizidwe kanu: kodi mukawerenga mfundo ya munthu mungathe kuona pamene yaima molimba ndi pamene yagwedera?

LSAT, kapena kuti Law School Admission Test, ndi mayeso olowera sukulu ya zamalamulo. Imakonzedwa ndi bungwe la Law School Admission Council, lomwe anthu amangoliti LSAC, ndipo imagwira ntchito makamaka ku America ndi ku Canada. Kumeneko munthu amayamba watenga digiri ina iliyonse, kenako n'kuphunzira zaka 3 kuti apeze digiri ya zamalamulo yotchedwa JD. Ya zachuma muli nayoyo ndi yokwanira.

Mayesowa ali ndi zigawo 4 za mphindi 35 chilichonse, ndipo mukamaliza chachiwiri mumapuma mphindi 10. Zigawo ziwiri ndi za Logical Reasoning, momwe mumapatsidwa timfundo tifupitifupi n'kufunsidwa funso limodzi pa kalikonse. Chimodzi ndi cha Reading Comprehension, cha ndime zitalizitali. Chotsalacho sichiwerengedwa malikisi, ndi choyesera mafunso a m'tsogolo, koma sakuuzani kuti ndi chiti, choncho zonse muzilembe ndi mtima umodzi. Funso lililonse lili ndi mayankho 5 oti musankhepo limodzi. Mukalakwa sakuchotserani kanthu, ndiye musasiye funso losayankha ngakhale nthawi itakutherani. Malikisi amayambira pa 120 kufika pa 180, ndipo anthu ochuluka amagwera cha m'ma 150.

Palinso nkhani yolemba, yotchedwa Argumentative Writing, imene mumalemba panokha pa intaneti: mphindi 15 zokonzekera ndi 35 zolembera. Ilibe malikisi, koma sukulu zimaiwerenga, ndipo zotsatira za mayeso anu sizituluka mpaka nkhaniyi mutaipereka. Ambiri amaiiwala n'kumadabwa kuti anzawo alandira zotsatira iwo ayi.

Chenjeraninso ndi mabuku akale. Kuyambira mu Ogasiti 2024 chigawo chija chinkatchedwa Logic Games chinachotsedwa. Buku limene theka lake likuphunzitsa zimenezo lingokudyerani nthawi.

Ndakhala ndikukonzekera miyezi itatu. Sabata iliyonse ndimalemba mayeso oyeserera atatu, koma malikisi anga akungozungulira pa 150. Ndikulakwitsa pati? — Wophunzira wa chaka chomaliza

Mukulemba kwambiri koma simukubwerera kukaona zimene mwalakwa. Mayeso oyeserera amangokuuzani pamene muli, sakukwezani. Chimene chimakweza malikisi ndi ntchito imene mumagwira mukamaliza kulemba, ndipo ntchitoyo imatenga nthawi yaitali kuposa mayeso eniakewo.

Chepetsani kufika pa mayeso athunthu amodzi pa sabata, ochokera ku LSAC kwenikweni, monga amene ali pa LawHub, tsamba la pa intaneti la bungweli. Lembani ndi wotchi, ndipo funso lililonse limene mwayankha mokayika liikeni chizindikiro. Mukamaliza musathamangire kuona mayankho olondola. Bwererani ku mafunso a chizindikiro aja, muwayankhenso popanda wotchi, modekha, mpaka muthe kunena chifukwa chake yankho limodzi lili loona ndiponso chifukwa chake anayi enawo ali olakwika. Mukatero ndiye chongani.

Apa mupeza mitundu ya zolakwa. Funso limene munalakwa ndi wotchi koma mwakhoza popanda wotchi likusonyeza vuto la liwiro kapena mantha. Limene mwalakwa kawiri konse likusonyeza kuti mtundu wa funsolo simunaumvetse. Loopsa kwambiri ndi limene munalakwa osaliika n'chizindikiro chomwe, chifukwa pamenepo munali ndi chikhulupiriro chonse pa yankho lolakwika, ndipo mudzabwerezanso. Khalani ndi kope la zolakwa. Pa funso lililonse lembani zinthu ziwiri: chimene chinakukopani pa yankho lolakwika, ndi mawu enieni amene akulichititsa kukhala lolakwika. Kulemba kuti "sindinawerenge bwino" sikuthandiza. Tchulani mawu amene munawadumpha.

Tiyeni tione chitsanzo. Mfundo ikuti: "Chaka chatha khonsolo inaika magetsi m'misewu yonse ya mumzinda. Chaka chino milandu ya kuba usiku yatsika. Choncho magetsi ndiwo achepetsa umbava." Choyamba pezani chimene wolemba akufuna kuti muvomereze, chomwe ndi chiganizo chomalizacho. Ziwiri zoyambazo ndi umboni wake. Tsopano funsani: kodi umboniwu ungakhale woona koma chigamulocho n'kukhala chabodza? Inde. Mwina nthawi yomweyo apolisi oyendera usiku anawonjezeredwa. Mwina kuba sikunatsike, koma anthu angosiya kukadandaula kupolisi. Mpata umenewu, wa pakati pa umboni ndi chigamulo, ndi pamene pamachokera mafunso ambiri.

Akakufunsani yankho lofooketsa mfundoyi, la apolisi lija ndilo loona. Koma pafupi pake padzakhala lina lonena kuti magetsiwo anadya ndalama zochuluka. Limamveka ngati likutsutsa, pomwe silikukhudza n'komwe funso lakuti kaya magetsi achepetsa umbava kapena ayi. Akakufunsani chimene wolemba akuchitenga ngati choona popanda kuchinena, yesani yankho lililonse politembenuza. Ngati yankho likuti "anthu sanasiye kukanena milandu kupolisi", litembenuzeni likhale "anthu anasiya". Mfundo yonse yagwa. Ndiye kuti yankho limenelo ndi limene mfundoyo yatsamira.

Msampha wina umene umagwira anthu a malikisi ngati anuwa ndi ziganizo za "ngati". Tinene kuti: "Aliyense amene walowa m'chipinda cha mayeso waonetsa chiphaso." Chimene mungatsimikize n'chakuti amene sanaonetse chiphaso sanalowe. Simungatsimikize kuti aliyense amene waonetsa chiphaso walowa, kapena kuti amene sanalowe ndiye kuti analibe chiphaso. Mayankho olakwika ambiri amangotembenuza chiganizo mwa njira ziwiri zimenezi. Samalaninso ndi mawu a kuchuluka: pa LSAT "some" amatanthauza chimodzi kapena kuposerapo, mwinanso zonse, pomwe "most" ndi kupitirira theka. Yankho likanena "onse" pamene ndime yanena "ena", lalumpha malire.

Kwa munthu amene ali pa sukulu kapena pa ntchito, ife timalangiza miyezi 4 mpaka 6, maola 10 mpaka 15 pa sabata, ogawidwa tsiku ndi tsiku osati kuunjikidwa Loweruka lokha. Musalembetse mayeso enieni mpaka oyeserera anu angapo otsatizana afike pamene mukufuna. LSAC imalola kulemba ka 5 m'zaka 5, ndi ka 7 m'moyo wonse. Sukulu zimaona malikisi anu onse, ngakhale zambiri zimayang'ana kwambiri apamwambawo.

Chingerezi si chilankhulo changa choyamba, ndipo pa Reading Comprehension nthawi imandithera ndisanafike ku ndime yomaliza. Ndichite bwanji? — Mphunzitsi wa ku sekondale

Aphunzitsi, chigawochi chili ndi magulu 4 a ndime, lililonse ndi mafunso 5 mpaka 8, ndiye gulu lililonse lili ndi mphindi zosakwana 9. Nkhani zake zimachokera ku malamulo, sayansi, zachikhalidwe cha anthu ndi zaluso, ndipo gulu limodzi likhoza kukhala ndi ndime ziwiri zazifupi zoti muzifanizire.

Ambiri amataya nthawi poyesa kuloweza kalikonse. Mphindi 3 kapena 4 zowerenga zigwiritsidwe ntchito pofuna zinthu zitatu: mfundo yaikulu, ntchito ya ndime iliyonse (kodi ikufotokoza, ikutsutsa, kapena ikupereka chitsanzo?), ndi pamene wolemba waima. Wolemba amatha kufotokoza maganizo a akatswiri ena m'ndime ziwiri zathunthu, kenako n'kuwakana ndi mawu amodzi okha. Mukaphonya mawuwo, mafunso atatu apita. Mayina, zaka ndi mawu ovuta a sayansi ingodziwani pamene ali, mudzabwerereko funso likafuna. Yankho loona limakhala ndi umboni m'ndimemo. Zimene mukudziwa kale pa nkhaniyo zisiyeni pambali.

Ngati panopa mumamaliza magulu atatu okha, yambani mwalimbikira kukhoza atatuwo bwinobwino, n'kuyankha la chinayi mongolota m'mphindi yomaliza. Liwiro limabwera pambuyo pa kumvetsa. Tsiku lililonse werengani nkhani imodzi yolemera ya m'Chingerezi, ndipo mukatha ndime iliyonse nenani m'chiganizo chimodzi ntchito yake.

Mwana wanga akufuna kuyamba sukulu ya zamalamulo ku America chaka chamawa. Mapepala ayambe kukonza liti, ndipo asankhe bwanji sukulu? — Mayi wa ana atatu

Mayi, ayambe tsopano. Maphunziro amayamba mu Ogasiti, koma mafomu amatsegulidwa cha mu Sepitembala, chaka cholowera sukulucho chisanafike, kutanthauza pafupifupi chaka chathunthu asanalowe m'kalasi. Sukulu zambiri zimasankha anthu pamene mafomu akufika, sizidikira tsiku lotsekera. Wotumiza mu Febuluwale amapeza malo ambiri ndi ndalama za thandizo zitagawidwa kale. Ndi bwino alembe LSAT pakati pa Juni ndi Okutobala, kuti ngati sizinayende akhale ndi mpata wobwereza, ndipo mafomu atumize Novembala asanathe. Akafuna sukulu za m'chigawo cha Ontario ku Canada, kumeneko amafunsira kudzera ku OLSAS, ofesi yolandira mafomu a sukulu za zamalamulo za m'chigawocho, ndipo amatseka kumayambiriro kwa Novembala.

Mapepala amadutsa ku Credential Assembly Service, nthambi ya LSAC yosonkhanitsa mapepala a ofunsira malo n'kuwatumiza ku sukulu. Chikalata cha magiredi ake chiyenera kuchoka ku yunivesite yake kupita ku LSAC mwachindunji, osadzera m'manja mwake. Apa ndi pamene anthu ambiri amachedwera, makamaka ophunzira kunja kwa America ndi Canada, chifukwa magiredi awo amayamba aunikidwa kaye. Makalata a umboni amafunika awiri kapena atatu. Apemphe aphunzitsi a ku yunivesite amene anachongapo ntchito yake, ngakhale asakhale otchuka, ndipo awapatse masabata osachepera 6. Kalata ya munthu wa udindo waukulu amene samudziwa bwino imaoneka msanga kuti ndi yongolemba. Sukulu zina zimafunanso mayeso a Chingerezi monga TOEFL, ndipo zina zimalandira GRE, mayeso olowera maphunziro a pambuyo pa digiri yoyamba, m'malo mwa LSAT.

Posankha sukulu, aone lipoti lotchedwa Standard 509, limene sukulu iliyonse yovomerezedwa ndi American Bar Association, bungwe la maloya ku America, imatulutsa chaka ndi chaka. Limasonyeza malikisi a LSAT ndi magiredi a anthu amene analandiridwa, apansi, apakati ndi apamwamba. Afunsire ku sukulu zingapo zimene malikisi ake ali pamwamba pa apakatiwo, zingapo zimene akufanana nawo, ndi ziwiri kapena zitatu zimene akupereweratu pang'ono. Lipoti lomwelo limaonetsa kuti ndi ophunzira angati anachepetseredwa kapena kulandidwa thandizo la fizi. Izi muziwerenge limodzi, mayi. Thandizo lina limapitirira pokhapokha wophunzira akakhala pa mlingo wina m'kalasi, ndipo popeza magiredi amaperekedwa pofanizira ophunzira okhaokha, sizingatheke kuti onse aufike. Asasainenso mosaganiza Early Decision, njira yofunsira malo msanga ku sukulu imodzi: kawirikawiri akamulandira amakakamizika kupita kumeneko, asanaone zimene sukulu zina zikanamupatsa.

Ndili ku yunivesite ndinaimitsidwapo sukulu kwa teremu imodzi. Kodi ndibise? Nanga mu personal statement ndilembemo chiyani? — Wowerenga wodandaula

Musabise. Fomu iliyonse ili ndi mafunso a khalidwe, okhudza chilango cha kusukulu ndi milandu. Mukadzamaliza maphunziro n'kufuna chilolezo chogwira ntchito ya uloya, bungwe lopereka chilolezocho likhoza kufanizira zimene mudzanene panthawiyo ndi zimene munalemba pa fomu yolowera. Nthawi zambiri kubisako kumakhala mlandu waukulu kuposa chinachitikacho. Werengani funso la sukulu iliyonse palokha, chifukwa safunsa mofanana, ndipo lembani kakalata kapadera ka ndime imodzi kapena ziwiri: chinachitika n'chiyani, liti, chilango chinali chotani, ndipo mwachita zotani kuchokera pamenepo. Osadziikira kumbuyo, osaloza ena chala.

Personal statement, kalata yodzifotokozera nokha imene imapita ndi fomu, ndi ina. Nthawi zambiri imakhala masamba awiri. Musabwereze CV yanu, ndipo musayambe ndi mawu akuti mumakonda chilungamo kuyambira muli mwana, chifukwa owerenga amawaona kambirimbiri. Sankhani chinthu chimodzi chimene munachita ndi manja anu, monga ntchito, kafukufuku kapena vuto limene munalithetsa, muonetse mmene munaganizira ndi mmene chinakufikitsirani ku zamalamulo. Musanatumize onetsetsani kuti dzina la sukulu limene lili m'kalatamo ndi la kumene ikupitako.

Kwa amene anafunsa za ku Britain: kumeneko zamalamulo ndi digiri yoyamba, mumafunsira kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite a kumeneko, ndipo mayunivesite ena monga Oxford, Cambridge, UCL ndi King's College London amafuna LNAT, mayeso olowera maphunziro a zamalamulo. Ili ndi mafunso 42 pa ndime 12 m'mphindi 95, kenako nkhani yolemba ya mphindi 40, ndipo imalembedwa kamodzi kokha pa nyengo iliyonse yofunsira malo. Oxford ndi Cambridge zimatseka pa 15 Okutobala. Amene muli kale ndi digiri ya zamalamulo ndipo mukufuna LLM, digiri ya masters ya zamalamulo, ku America, kawirikawiri LSAT sikufunika.