Msipu umadyetsa mzinda, koma suumanga: yankho pa Civilization VI

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mzinda wanu mu Civilization VI, masewero a pa kompyuta omanga ufumu, ukuchedwera kumanga chilichonse ngakhale munaukhazikitsa pakati pa msipu wobiriwira, komanso ngati ndi nzeru kulima minda ponseponse. Vuto lanu lagona pa masamu a chakudya, choncho tiyambire pomwepo.

Kagawo kamodzi ka msipu wathyathyathya, umene masewerawa amautchula Grassland, kamatulutsa chakudya 2 popanda Production (mphamvu yomangira zinthu) ngakhale pang'ono, pamene nzika iliyonse ya mzinda imadya chakudya 2 pa ulendo (turn) uliwonse wa masewerawa. Ndiye kuti munthu amene mwamuika pa msipu wosalimidwa amangodzidyetsa yekha, osasiyira mzinda kanthu. Builder, wantchito wanu wokonza malo, akalimapo munda, chakudya chimafika pa 3, ndipo minda iwiri imawonjezera malo okhala a munthu mmodzi. Phindu lenileni limadza mukatsegula Feudalism, gawo lina la chitukuko cha ulamuliro wanu, pakuti kuyambira pamenepo munda wogundana ndi minda ina iwiri umalandira chakudya 1 chapamwamba. Pachifukwa chimenechi, musamwaze minda uku ndi uku ngati nkhuku yopalasa, koma muiike itatu pamodzi monga mafuwa a pamoto, uliwonse ukukhudza inzake iwiri, kuti uliwonse uzitulutsa chakudya 4. Kumbukiraninso kuti kulima minda 6 kumafulumizitsa Feudalism yomweyo, imenenso imabweretsa ndondomeko ya Serfdom yowonjezera ntchito 2 pa ntchito 3 zimene Builder amabadwa nazo. Ine ndimayesetsa kudikira ndondomekoyi ndisanapange ma Builder ambiri.

Komabe chakudya chambiri chimangopita pachabe ngati Housing, kutanthauza malo okhala anthu, yaperewera. Mzinda wa m'mbali mwa mtsinje umayamba ndi malo 5, wa kugombe la nyanja yamchere 3, ndipo wopanda madzi 2 okha. Kukatsala malo amodzi, mzinda umakula mwa theka, ndipo malo akadzaza kukula kumatsika kwambiri. Ndinaziona ndekha tsiku lina, pamene likulu langa linali ndi minda yokongola kuzungulira mtsinje, koma chiwerengero cha anthu chitangoima nji. Asilikali a pa akavalo a ma Barbarian, zigawenga zopanda dziko, atatulukira, ndinaona mindayo ikuotchedwa umodziumodzi woponya mivi wanga mmodzi asanathe n'kupangidwa komwe, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe wogwira ntchito paphiri. Zinandiwawa kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimamanga msanga nkhokwe (Granary), imene imapereka malo 2 ndi chakudya 1, kenako ndimayang'ana kumapiri.

Ntchito ya msipu ndi kudyetsa anthu amene akukumba migodi. Phiri la msipu limapereka chakudya 2 ndi Production 1, ndipo mgodi umawonjezera Production 1, ina n'kubwera ndi luso la Apprenticeship. Kagawo kotere n'kamtengo wapatali m'chiyambi cha masewero, chifukwa wogwirapo ntchito amadzidyetsa yekha uku akumanga mzinda. Nkhalango ya pa msipu musathamangire kuidula, pokhapokha mukufuna kumaliza msanga chinthu chofunika monga Settler (wokhazikitsa mzinda watsopano), popeza nayonso imapereka Production 1. Ngati pali ng'ombe kapena akavalo ikanipo busa, pa miyala kumbanipo, ndipo pa mpunga limanipo munda, zimene zimafulumizitsanso luso la ulimi wothirira (Irrigation). Luso lomwelo ndi limene limakulolani kuumitsa dambo, ngakhale dambo likangosiyidwa limapereka kale chakudya 3.

Pali chinthu china chimene ambiri sachilabadira posankha pokhazikitsa mzinda. Kagawo ka pakati pa mzinda sikatsika pa chakudya 2 ndi Production 1, choncho mukakhazikitsa pa msipu wathyathyathya mumapeza zokhazo, pamene phiri la Plains (nthaka youmirapo kusiyana ndi msipu) limakupatsani chakudya 2 ndi Production 2 kuyambira ulendo woyamba, pamwamba pa chitetezo chimene phiri limapereka. Kusuntha Settler ulendo umodzi kuti afike paphiri lotere la m'mbali mwa mtsinje sikutaya nthawi ayi.

Msipu wotsala musauone ngati uyenera kulimidwa wonse. District, chigawo cha mzinda chogwira ntchito yapadera, imafafaniza zokolola za kagawo kamene yakhalapo, motero ndi bwino kuiika pa msipu wamba kusiyana ndi kupha phiri labwino, bola malowo agundane ndi zimene zimaiwonjezera phindu, monga mapiri aakulu kwa Campus (chigawo cha maphunziro) kapena mtsinje kwa Commercial Hub (chigawo cha malonda). Mzinda umaloledwa District yachiwiri anthu akafika 4, yachitatu akafika 7, ndipo apa ndi pamene minda itatu ija imabweza thukuta lanu. Ngati mukusewera ndi Gathering Storm, chiwonjezero cha masewerawa cha 2019, samalani ndi zigwa zosefukira madzi, pakuti chigumula chimatha kuwononga minda ngakhale chimasiya chonde, ndipo kuwonongekaku kumatha mukamanga damu pa mtsinjewo.