Amayi a ku Lizulu afunsa: kodi zala za zaka 47 zingaphunzire kiyibodi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa amayi ena a ku Lizulu. Anaitumiza pa foni ya mwana wawo, ndipo anapempha kuti dzina ndisalitchule. Akuti ali ndi zaka 47, amagulitsa kabichi ndi kachewere pamsika, ndipo akhala akuimba alto m'kwaya ya kutchalitchi kwawo kuyambira ali mtsikana. Mnyamata amene ankawaimbira kiyibodi anapita ku Joni chaka chatha, moti pano kiyibodiyo yangokhala m'kabati, yofunditsidwa chitenje. Funso lawo ndi ili: "Kodi munthu wamkulu ngati ine, wa zala zouma ndi khasu, angaphunzire? Ndiyambire pati, poti manotsi a m'mizere aja sindiwadziwa? Nanga ndigule yangayanga?"

Amayi, zikomo chifukwa chofunsa. Inde, mungaphunzire. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 39, kuno ku Dedza, ana anga ali kale kusekondale, ndipo lero ndimaimbira kwaya Lamulungu lililonse. Sindikunamizani kuti mudzafika pa msinkhu wa munthu amene anayamba ali ndi zaka 6 n'kumaphunzira tsiku ndi tsiku. Koma zimene mukufuna inu, zoti kwaya yanu ikhalenso ndi woiperekeza, n'zotheka ndithu.

Pali chinthu chimene muli nacho kale, chimene mwina simukuchiwerengera. Mwaimba alto zaka zoposa 30. Munthu wa alto saimba mutu wa nyimbo, amayenda pansi pa soprano, kumvetsera kumene nyimbo ikulowera n'kudziwa pokhotera. Nyimbo ikatsala pang'ono kutha mumamva m'thupi kuti tsopano ikubwerera kwawo. Wina akaphonya mumatembenuka musanaganize n'komwe. Ntchito yaikulu ya woimba kiyibodi m'kwaya ndi imeneyo: kumva pamene nyimbo yasintha n'kusintha nayo. Ana ambiri amene ndawaphunzitsa zala zawo n'zofewa, koma khutu limawatengera zaka. Inu khutu linaphunzira kalekale, zatsalira ndi zala zokha.

Za manotsi a m'mizere musade nazo nkhawa panopa. Ngati choir master wanu amalemba pabolodi d, r, m, f, s, l, t, ndiye kuti chilankhulo cha kiyibodi mumachidziwa. Njira imeneyi, ya tonic sol-fa, anaifalitsa ndi John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1840, potengera zimene Sarah Glover anayamba, ndipo kuno inabwera ndi amishoni. Inapangidwira anthu wamba oimba m'makwaya ngati ife. Manotsi a m'mizere ndi abwino, ndipo tsiku lina mudzawafuna, koma si khomo lolowera.

Tsono mukavundukula chitenje chija, yang'anani makiyi akuda. Muona kuti akhala m'magulu: awiri, atatu, awiri, atatu, mpaka kumapeto. Pezani gulu la awiri limene lili chapakati. Kiyi yoyera imene ili kumanzere kwake, moyandikana nalo, ndi C. Ikani chala chachikulu cha dzanja lamanja pamenepo, dinani, muimbe "do". Pitani kumanja pa makiyi oyera okhaokha: re, mi, fa, so, la, ti, ndipo yachisanu ndi chitatu ndi do wina, amene alinso kumanzere kwa akuda awiri. Mayina ake ndi C, D, E, F, G, A, B, kenako C. Kiyibodi yonse ndi zomwezi zobwerezabwereza, ngati mizere ya m'munda. Tsiku loyamba musachite china. Sankhani nyimbo imene mumaiimba ngakhale muli m'tulo, muifunefune ndi chala chimodzi. Muphonya, mubwerera, muipeza. Chimwemwe chimene chimabwera pamene mzere woyamba watuluka wathunthu, ine mpaka lero ndimachikumbukira. Kunali kukuda, m'tchalitchi munalibe munthu, ndipo ndinaubwereza mzere umodziwo mpaka mlonda anabwera kudzatseka.

Chonde musalembe zilembo ndi maka pa makiyi, makamaka poti ndi katundu wa mpingo. Komanso zilembozo zimachedwetsa, maso amazolowera kuwerenga m'malo mozindikira malo. Magulu a makiyi akuda aja ndiwo zikwangwani zanu.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, yambani makodi. Kodi ndi mawu atatu odinidwa pamodzi, ngati soprano, alto ndi tena atayima pamzere umodzi. Zala timaziwerenga kuyambira chachikulu, 1, mpaka chaching'ono, 5. Ikani 1 pa do, 3 pa mi, 5 pa so, mudine pamodzi. Imeneyo ndi kodi ya C, kwawo kwa nyimbo. Yachiwiri ndi fa, la, do, yotchedwa F. Yachitatu ndi so, ti, re, yotchedwa G. Makolasi ambiri amene timaimba m'matchalitchi, pamaliro ndi paukwati amayenda pa makodi atatu amenewa. Mukadzawonjezera yachinayi, la, do, mi, imene amati A minor, ija imamveka mwachisoni pang'ono, mudzapeza kuti nyimbo zambiri za kwaya yanu zatseguka.

Apa ndikuuzeni kanthu kamene ine ndinachedwa kukadziwa. Simukuyenera kunyamula dzanja lonse kudumpha kuchoka pa C kupita pa F. Siyani chala chachikulu pa do pomwepo, zala ziwiri zinazo zisunthire pa fa ndi la. Mawu ake ndi omwewo, angosinthana malo. Popita ku G, chala chaching'ono chikhale pa so, chachikulu chitsikire pa ti wa m'munsi, ndipo china chigwire re. Dzanja limangokhala pamalo amodzi, zala n'kumasuntha pang'onopang'ono. Ine ndinatha miyezi ndikudumphadumpha, ndikufika mochedwa pa kodi iliyonse, mpaka mnyamata wina wa kwaya ya achinyamata anandigwira dzanja n'kundionetsa. Dzanja lamanzere poyamba lipatseni ntchito yochepa: kiyi imodzi yokha ya m'munsi, C pa kodi ya C, F pa F, G pa G, ngati bambo wa besi amene amangoti "dum" n'kudikira.

Kugwirizanitsa manja awiri ndiye povuta, ndipo apa akuluakulufe timachedwadi kuposa ana. Lamanja likayamba kuyenda, lamanzere limaima. Musadzione ngati wolephera, aliyense amadutsa pamenepo. Mankhwala ake n'kuchepetsa liwiro mpaka nyimbo izimveka ngati ikukwawa. Makiyibodi ambiri ali ndi batani lolembedwa metronome, limene limagogoda ngati wotchi. Liikeni pa 60, kutanthauza kugogoda kamodzi pa sekondi iliyonse, muzisintha kodi pakatha kugogoda kanayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za zala zouma ndi khasu zija. Kiyibodi sifuna mphamvu, ndipo makiyi ake ndi ofewa kuposa a piyano yeniyeni. Chofunika n'choti dzanja likhale lomasuka, zala zopindika pang'ono ngati mwagwira tomato wakupsa amene simukufuna kumufinya. Wengani zikhadabo. Chala cha nambala 4 chidzakukanani kudzuka pachokha, koma si ukalamba umenewo, ndi mmene minyewa ya dzanja inalukidwira mwa munthu aliyense. Ndiye pali kuzizira kwathu kuno. Inu a ku Lizulu mukudziwa mmene June ndi July amachitira, zala zimachita kuuma gwa. Ine ndimaviika manja m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa ndisanayambe. Mukamva kupweteka pamkono kapena pamfundo, lekani, mupume. Kupweteka si chizindikiro choti mukuphunzira bwino.

Nthawi yake ikhale yochepa koma ya tsiku ndi tsiku. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Chimene chakuvutani madzulo nthawi zambiri mumachipeza chafewa mawa lake mutagona. Ndikudziwa kuti tsiku la msika mumabwerako mutatopa, ndiye ngakhale mphindi zisanu zikwane, bola zala zikhudze makiyi.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa yagwetsa ambiri, ine ndemwe. Pa kiyibodi pali zinthu ziwiri zokoma kwambiri: biti ndi transpose. Biti ndi ng'oma ndi besi zija zimalira zokha mukadina batani. Transpose imakweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse, moti mukhoza kumangoimba mu C, do ali pa C, moyo wanu wonse, makina n'kumakusinthirani kiyi ya nyimbo, kutanthauza malo amene do wakhala. Ine ndinachita zimenezo zaka ziwiri. Tsiku lina kwaya yathu inaitanidwa ku ukwati cha ku Linthipe, ndipo tinagwiritsa ntchito kiyibodi ya eni ake. Mabatani ake ena anali akufa, transpose ili m'gulu lomwelo. Nyimbo yolowera akwati tinkaiimba mu F. Ndinayesa mu C, amayi a soprano anangondiyang'ana, mawu sakugwirizana. Ndinachotsa manja n'kuwaika pamiyendo, kwaya inaimba yokha, akwati akulowa. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa anthu aja anandidalira. Mawa lake ndinayamba kuphunzira F.

Sindikunena kuti transpose ndi tchimo. Imathandiza pamene woyambitsa nyimbo wakwera kwambiri, ndipo m'miyezi yoyamba idzakupulumutsani. Koma mukakhazikika mu C, pitani ku G, kutanthauza kuti do wanu akhale pa G. Makodi ake ndi G, C ndi D, ndipo kiyi yakuda ndi imodzi yokha, F sharp, yoyandikana ndi F kumanja kwake, amene ndi ti wa kumeneko. Kenako F, imene makodi ake ndi F, B flat ndi C, nayonso yakuda ndi imodzi, B flat, yoyandikana ndi B kumanzere kwake. Makiyi a nyimbo otere, onga C, G ndi F, onse alipo 12, koma atatuwa akufikitsani patali. Biti nayo muisiye kaye. Imabisa zolakwa, ndipo imakoka kwaya m'malo moti inu muzitsatira kwaya. Kunena zoona, m'matchalitchi ambiri masiku ano biti yakwera mpaka mawu a anthu sakumvekanso, ndipo zimandimvetsa chisoni. Kwaya yoimba bwino ngati za kuno kwathu imangofuna makodi ofatsa pansi pake.

Kugula yanuyanu, ndingati dikirani kaye miyezi itatu. Pitani kwa akulu a mpingo, mupemphe kuti muziphunzirira ya m'kabati ija, kaya kutchalitchi komweko kaya kunyumba ngati angalole. Chida chongokhala chimawonongeka ndi fumbi, chinyezi ndi mphemvu, ndiye mukhala mukuwathandiza. Mukadzaona kuti mtima wakhazikika, gulani ya makiyi 61 a saizi yeniyeni. Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, koma pa ntchito ya kwaya 61 ndi okwanira. Zidole za timakiyi ting'onoting'ono zija zisiyeni, ngakhale zitchipe bwanji. Funsani ngati ili ndi touch response, kutanthauza kuti mukadina mofatsa imalira motsitsa, mukadina mwamphamvu imakweza. Chimenechi ndicho chinapatsa piyano dzina pamene Bartolomeo Cristofori anaipanga ku Florence cha m'ma 1700: piano ndi forte, motsitsa ndi mokweza. Za Yamaha za mtundu wa PSR-E ndi za Casio zing'onozing'ono n'zimene zimapezeka kwambiri, ndipo zambiri zimalola mabatire, chinthu chofunika magetsi akazima kapena mukapita kumaliro kumudzi. Ngati ndi yakale, dinani kiyi iliyonse imodziimodzi musanapereke ndalama, muyesenso mabatani ndi pobayira mahedifoni. Samalani adaputala: za Yamaha zotere zambiri zimafuna 12V pomwe za Casio zambiri zimafuna 9V kapena 9.5V, ndipo kungobayapo iliyonse imene yalowa kukhoza kuotcha kiyibodi.

Chomaliza simunachilembe, koma ndachimva m'mawu anu. Manyazi. Anthu adzalankhula, ena adzati amayi aakulu ngati amenewa akulimbana ndi za anyamata. Ine anandinena, ndipo inu poti ndinu mayi mwina adzanena koposa, chifukwa tazolowera kuona kiyibodi ili m'manja mwa anyamata okhaokha. Palibe lamulo lotero. Musaopenso kuphunzitsidwa ndi mwana wa msinkhu wa mwana wanu. Muitaneni, mumuphikire tiyi, akuonetseni. Mavidiyo a pa YouTube amathandiza ngati bandulo ilipo, koma sangaone kuti mapewa anu akwera kapena kuti mukugwiritsa ntchito chala cholakwika.

Ndiye chitani chonchi, amayi. Makodi atatu aja akayamba kusinthika osayang'ana pansi, sankhani kolasi imodzi yoyenda pang'onopang'ono. Itanani anzanu awiri a m'kwaya amene mumagwirizana nawo, mmodzi wa soprano, muimbe atatu basi, voliyumu ili pansi. Mukasochera musaime, chotsani dzanja lamanja, lamanzere ligwire do mpaka nyimbo ibwerere kwawo, mulowenso. Mukatero kangapo, ipititseni ku pulakatisi ya kwaya yonse, kenako Lamulungu. Mundilembere kuti mwasankha nyimbo iti, ndikutumizirani makodi ake mu do, re, mi, ndi pamene muzisinthira.